Mankhwala a makolo athu ku America: lamulo latsitsa mitengo, koma limathandiza amene walembetsa

Amene tikusamalira makolo kuno ku America, kapena ife eni zaka zayamba kuyandikira 65, tikudziwa kuti mutu umawawira pa kauntala ya famase, pamene akukuuzani mtengo. Kwathu tinazolowera kuti mankhwala a pachipatala cha boma ndi aulere, vuto limakhala loti nthawi zina amakuuzani kuti atha, mukagule. Kuno satha ayi, koma mtengo wake umabweza munthu chimanjamanja. Choopsa n'choti makolo athu sadandaula. Mayi akaona mwana wawo akulipira $300 pa kabotolo kamodzi sayankhula kanthu. Amangoyamba kudula piritsi pakati, kapena kumwa lero n'kudumpha mawa, kuti mankhwalawo akhalitse. Kwa munthu wa BP kapena shuga, mapeto ake ndi sitiroko kapena kuwonongeka kwa impso.

Zinthu zasintha ndithu m'zaka zapitazi, ndipo ambiri a ife sitinamve bwino. Medicare ndi inshuwalansi ya boma ya anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo, ndipo gawo lake lolipira mankhwala a ku famase limatchedwa Part D. Gawoli linayamba mu 2006, koma lamulo lomwe linalikhazikitsa linaletsa boma kukambirana mitengo ndi makampani opanga mankhwala. Zimenezi zinakhala choncho mpaka mu Ogasiti 2022 pamene Joe Biden anasaina lamulo la Inflation Reduction Act. Kuchokera mu 2023, munthu wa Medicare salipira kuposa $35 pamwezi pa insulin aliyense amene ali m'pulani yake, ndipo akatemera ovomerezeka a akuluakulu, kuphatikizapo wa mashingozi, ndi aulere. Mu 2025 anaika malire a ndalama zimene munthu angatulutse m'thumba mwake pachaka: $2,000, ndipo mu 2026 malirewo ndi $2,100. Mukafika pamenepo, mankhwala onse amene ali m'pulani yanu mumatenga osalipira mpaka Disembala atathe. Kale kunalibe malire otere, moti odwala khansa kapena nyamakazi yoopsa ankataya madola masauzande ambiri chaka chilichonse.

Pa 1 Januwale 2026 inayambanso kugwira ntchito mitengo imene boma linakambirana pa mankhwala 10 oyamba. Ena mwa iwo ndi amene ali m'nyumba zathu: Eliquis ndi Xarelto oletsa magazi kuundana, Januvia, Jardiance ndi Farxiga a shuga, Entresto wa mtima. Eliquis wa masiku 30 anachoka pa $521 kufika pa $231, Januvia pa $527 kufika pa $113. Imeneyo si ndalama imene mupereke pa kauntala, ndi mtengo umene gawo lanu limawerengedwerapo, choncho nalonso limatsika. Gulu lachiwiri la mankhwala 15, momwe muli Ozempic, mitengo yake yatsopano ikuyamba mu 2027.

Koma zonsezi ndi za munthu amene ali kale m'kati mwa Medicare, ndipo apa ndi pamene ife obwera timapunthwa.

Medicare saitenga aliyense chifukwa choti imvi zatuluka. Amene wagwira ntchito n'kumalipira msonkho wa Social Security mpaka kukwanitsa ma credit 40, zomwe ndi pafupifupi zaka 10, amapeza Part A, gawo lolipira munthu akagonekedwa m'chipatala, osalipira pamwezi. Ma credit a mwamuna kapena mkazi wanu angathenso kukuthandizani. Ndikunena izi makamaka kwa azimayi athu ambiri amene amasamalira okalamba m'makomo mwa anthu n'kumalandira ndalama pamanja. Ndalama ya pamanja imakoma lero chifukwa sadula kanthu, koma ngati simukuilemba pa msonkho, zaka zimenezo sizikuwerengedwa kulikonse. Tsegulani akaunti pa ssa.gov muone ma credit amene muli nawo mudakali ndi mphamvu zowonjezera. Musadikire zaka 64.

Makolo amene tinawatenga kumudzi ali kale achikulire nkhani yawo ndi ina. Akhale ndi green card ndipo akhale m'dziko muno zaka 5 zosadukiza asanaloledwe kulowa Medicare, ndipo akalowa, Part A amachita kugula. Mu 2025 mtengo wake unali $518 pamwezi kwa amene sanagwireko ntchito kuno. Chimene ambiri sadziwa n'choti munthu angathe kutenga Part B yokha, gawo lolipira kuonana ndi dokotala, ndipo imeneyo ndi yokwanira kuti aloledwe kulembetsa Part D. Dziwaninso kuti lamulo limene linasainidwa pa 4 Julayi 2025 linachepetsa magulu a obwera ololedwa mu Medicare. Nzika ndi a green card sanakhudzidwe, koma othawa kwawo ndi opatsidwa asylum amene sanatengebe green card achotsedwa, ndipo amene anali kale m'kati adzatulutsidwa mu Januwale 2027. Ngati muli m'gulu limeneli ndipo ndinu oyenera green card, kaonaneni ndi loya wa za imigireshoni msanga.

Tsopano nthawi yolembetsa. Muli ndi miyezi 7: itatu musanakwanitse zaka 65, mwezi wobadwawo, ndi itatu yotsatira. Pali abambo amene amati, "Ine sindimwa mankhwala aliwonse, ndilipiriranji?" Ndimawamvetsa, koma kuganiza kumeneku kumadula. Mukakhala masiku 63 kapena kuposerapo opanda Part D kapena inshuwalansi ina ya mankhwala yofanana nayo, amakuikirani chindapusa cha 1 peresenti ya mtengo wapakati wa pamwezi wa Part D m'dziko lonse pa mwezi uliwonse umene munachedwa. Mtengowo mu 2025 unali $36.78. Mukachedwa zaka zitatu, ndiye kuti 36 peresenti, pafupifupi $13 yowonjezera mwezi ndi mwezi, ndipo siichoka nthawi yonse imene muli ndi Part D. Ngati simumwa kanthu, tengani pulani yotchipitsitsa m'dera lanu. Ngati mudakali pa ntchito ndipo inshuwalansi ya kuntchito ikulipira mankhwala, sungani kalata imene amakutumizirani chaka ndi chaka yonena kuti ndi creditable coverage. Tsiku lina adzaifuna.

Ntchito yeniyeni imabwera mu Okutobala, ndipo ndi ya ana. Mapulani a Part D ndi a makampani, si a boma, ndipo chaka chilichonse amasintha mndandanda wa mankhwala amene amalipira, umene amautcha formulary. Mankhwala amene chaka chino ali pa gulu lotchipa, chaka chamawa angakwezedwe kapena kuchotsedwa. Kampani imatumiza kalata yotchedwa Annual Notice of Change pofika kumapeto kwa Sepitembala, ndipo m'nyumba zambiri kalatayo imakathera pa mulu wa mapepala a malonda osatsegulidwa. Kuyambira pa 15 Okutobala mpaka pa 7 Disembala ndi nthawi yosintha pulani. Khalani pansi ndi amayi, akhuthulire patebulo jumbo yonse ya mankhwala, mabotolo akale ndi atsopano omwe, ngakhale aja anabwera nawo achemwali kuchokera ku Blantyre. Werengani chizindikiro cha botolo lililonse, dzina, ma milligram, kangati patsiku, n'kulemba zonse pa medicare.gov pamalo ofananitsira mapulani. Musayang'ane ndalama ya pamwezi yokha. Yang'anani chiwerengero cha chaka chonse, chophatikiza ya pamwezi ndi ya mankhwala. Pulani ya $0 pamwezi imene ilibe mankhwala amodzi okha odula a amayi ndi yodula kuposa ya $40 imene ili nawo, chifukwa ndalama yogulira mankhwala amene sali pa formulary siiwerengedwa pa malire a $2,100 aja. Onaninso famase: mapulani ambiri ali ndi mafamase awo okondedwa kumene mtengo umatsika, ndipo kungosamuka kuwoloka msewu kumapulumutsa ndalama.

Pa tebulo lomwelo werengani mapiritsi. Botolo la masiku 30 limene linatengedwa milungu isanu yapitayo likadali ndi theka, ndiye kuti china chake chikuchitika. Funsani mwaulemu, osati mokalipa: "Amayi, kodi mankhwalawa akukuvutani, kapena mukudera nkhawa mtengo?"

Ngati Chingerezi cha mapepalawa chikukuzunguzani, chigawo chilichonse chili ndi alangizi aulere a pulogalamu yotchedwa SHIP. Sagulitsa inshuwalansi ndipo salandira kanthu mukasankha kampani yakutiyakuti. Nambala ya 1-800-MEDICARE imayankhidwa usana ndi usiku, ndipo mungapemphe womasulira. Amene amakuimbirani okha foni kuti akupatsani khadi latsopano la Medicare mukawauza nambala yanu, dulani foniyo.

Thandizo limene ndikuona kuti Amalawi tikulisiya kwambiri ndi Extra Help. Ndi la anthu a Medicare opeza ndalama zochepa, ndipo kuchokera mu 2024 amene amapeza zosafika 150 peresenti ya mlingo wa umphawi wa boma, komanso alibe chuma chambiri kubanki, amalandira thandizo lonse. Mu 2025 munthu wa Extra Help sankalipira kuposa $4.90 pa mankhwala a generic (ofanana mphamvu ndi a dzina la kampani koma otchipa) ndi $12.15 pa a dzina la kampani, ndipo chindapusa chochedwera chija amachichotsa. Amalembetsa ku Social Security, kwaulere. Ena amachita manyazi, amati n'kupemphetsa. Si kupemphetsa, munthu amene wanyamula okalamba a eni ake kwa zaka 15 n'kumalipira msonkho ali ndi ufulu wonse. Amene sakuyenera Extra Help koma bilu imawagwera yonse mu Januwale apemphe kampani yawo Medicare Prescription Payment Plan, imene imagawa ndalamayo m'miyezi popanda chiwongoladzanja. Siichepetsa mtengo, imangoupatsa mpata.

Dokotala wa kuno nthawi zambiri sadziwa kuti mankhwala amene walemba akudula bwanji kwa inu, pokhapokha mumuuze. Kwathu tinaleredwa kuti dokotala safunsidwa, koma kuno funsani: kodi pali generic? Mankhwala ambiri a BP ndi shuga, monga amlodipine, lisinopril ndi metformin, ndi akalekale ndipo ndi otchipa. Ngati kampani yakana kulipira mankhwala amene dokotala akuti palibe ena olowa m'malo, dokotalayo angalembe kupempha exception, ndipo akakana mungachite apilo. Makuponi a makampani opanga mankhwala amene mumaona pa TV saloledwa kwa munthu wa Medicare.

Nanga agogo amene abwera pa visa yocheza kudzaona chidzukulu, kapena amene zaka 5 zija sizinakwane? Obwera kudzacheza abwere ndi mankhwala awo okwanira mpaka masiku 90, m'mapaketi ake enieni, ndi kalata ya dokotala ya m'Chingerezi. Osawathira onse pamodzi m'kapepala ka pulasitiki kopanda dzina. Buku la kuchipatala lija lisatsale, limathandiza dokotala wa kuno kudziwa pomwe ayambire. Mankhwala akayamba kuchepa, funani community health center yapafupi. Zipatala zimenezi zimalipiritsa molingana ndi kapezedwe ka munthu, ndipo zambiri zili ndi famase yotchipa. Walmart ili ndi mndandanda wa ma generic oyambira pa $4 a masiku 30, ndipo Cost Plus Drugs imagulitsa pa intaneti moonetsa mtengo poyera. Konseko amafuna prescription ya dokotala wa kuno. A green card amene sanafike pa Medicare angagule inshuwalansi pa healthcare.gov ngakhale atapitirira zaka 65.

Pali nkhani ina imene sitiikamba pa misonkhano yathu. Ena mwa achikulire athu akhala akumwa ma ARV kwa zaka 20, ndipo ali bwinobwino, koma amabisira ngakhale ana awo. Ena amadalira wachibale kuti aziwatengera kumudzi n'kutumiza ndi munthu wapaulendo, ndipo ulendo ukalephereka amakhala milungu osamwa. Palibe chifukwa chovutikira motero. Ma ARV ali m'magulu 6 a mankhwala amene pulani iliyonse ya Part D imakakamizidwa kukhala nawo pafupifupi onse. Kwa opanda inshuwalansi kapena ovutika kulipira, chigawo chilichonse chili ndi ADAP, thandizo logulira ma ARV, pansi pa pulogalamu ya boma ya Ryan White, ndipo chinsinsi chimasungidwa. Dokotala angasinthe mtundu wa piritsi chifukwa ena a kwathu sagulitsidwa kuno, ndiye musadabwe likakhala la maonekedwe ena.

Ambiri akapuma pantchito amafuna kukakhala kumudzi miyezi ingapo, kuthawa chisanu kapena kukayang'anira nyumba imene akumanga. Medicare siilipira mankhwala ogulidwa kunja kwa America. Milungu itatu ulendo usanafike, pemphani dokotala alembe a masiku 90, ndipo ngati nthawi yotenga ena siinakwane, uzani a famase apemphe vacation override ku kampani. Mankhwala onse akhale m'chikwama cha m'manja, makamaka insulin, imene imawonongeka ikauma ndi kuzizira kwa kumalo a katundu mu ndege. Ku Malawi ganizirani za kuzimazima kwa magetsi, chifukwa insulin yosatsegula imafuna firiji. Pitirizani kulipira ndalama ya pamwezi muli komweko. Ndipo ngati ulendowo utalika, imbirani kampani musananyamuke, chifukwa pulani ya Medicare Advantage, ya kampani yomwe nthawi zambiri imaphatikiza chipatala ndi mankhwala pamodzi, ingakuchotseni mukakhala kunja kwa dera lake kupitirira miyezi 6, pamene pulani ya Part D yokha imalola mpaka miyezi 12.