Mashelefu a mumpata wa khoma: mugwiritse pulagi iti, sikuluwu iti?

Nyumba zambiri zili ndi kampata kolowa m'khoma, pambali pa chimuni kapena pakona ya chipinda, kozunguliridwa ndi makoma mbali zitatu. Malo amenewa ndi abwino zedi kuika mashelefu, koma anthu ambiri amasokonezeka pogula zomangira, ena mpaka amagula mabawuti aakulu achitsulo ngati akupachika geti, pomwe ntchitoyi sifuna zimenezo ayi.

Chimene ndimakondera mpata woterewu ndi chakuti mumakhoma timatabwa tochirikiza mbali zonse zitatu, kumbuyo ndi m'mbali muwirimu, shelefu nkungokhala pamwamba pake. Ndiye katundu akalemera amakankhira masikuluwu pansi basi, sawazula kuwatulutsa m'khoma ngati mmene imachitira bulaketi yapakhoma lopanda mbali. Nchifukwa chake pa njerwa yolimba pulagi wamba ya pulasitiki ija, yolowetsa m'bowo la khoma kuti sikuluwu igwiremo, ikukwana bwinobwino. Ambiri amangoitchula kuti Fischer, dzina la Artur Fischer wa ku Germany amene anapanga pulagi ya nayiloni mu 1958, ndipo ngati mungathe gulani ya nayiloni yeniyeniyo, zapulasitiki yotchipa zija zimaphwanyika musanamalize nkumanga komwe.

Koma musanagule kanthu dziwani kaye khoma lanu. Boolani kabowo kamodzi pamalo pobisika muone fumbi lake. Loyamba kutuluka limakhala la pulasitala, kenako likayamba kufiira ndiye mwafika pa njerwa yootcha, likakhala lotuwa ndi buloko kapena konkire, ndipo biti, kachitsulo koboolera ka dirilo kaja, ikangoti fwaa kulowa mwadzidzidzi ndiye kuti buloko yake ndi yamphako mkati. Mverani ndi dzanja lomwe, njerwa yabwino imalimbana nanu, yofewa imalowa ngati mukuboola buledi.

Apa ndiye pagona nkhani yonse, pulasitala sagwira kanthu. Amatha kukhala mamilimita 12 mpaka 15, pamakoma akale kuposa pamenepo, ndiye pulagi ikathera mu pulasitala momwemo shelefuyo ikungodikira tsiku logwa. Ine ndinazionapo ndekha, ndinaika timasikuluwu tatifupi poganiza kuti zagwira, patapita milungu yochepa kathabwa kakumanzere kanayamba kusiyana ndi khoma, pansi pake timchenga tili mbwee, nditakoka pulagi inatuluka ndi chigamphu cha pulasitala, njerwa isanakhudzidwe nkomwe. Ndiye werengerani chonchi: kunenepa kwa kathabwa, kuonjeza pulasitala, kuonjezanso mamilimita 40 kapena 50 olowa mu njerwa yeniyeniyo. Kathabwa ka 20 ndi pulasitala wa 15 ndiye kuti mukufuna sikuluwu ya 75 kapena 80, ndipo pulagiyo muikankhe ndi kahamala ipitirire pulasitala ikakhale mu njerwa.

Saizi zake sizovuta. Pulagi ya 6 mm imayenda ndi biti ya 6 ndi sikuluwu ya 4 mm, pulagi ya 8 mm ndi biti ya 8 ndi sikuluwu ya 5 mm. Za tinthu topepuka ya 6 ikwana, koma ngati ndi mabuku tengani ya 8, mabuku amalemera abale, mzere wa mita imodzi umatha kufika makilogalamu 20. Palinso mapulagi ataliatali obwera ndi sikuluwu yake kale, a mafelemu a zitseko aja, mumaboola kathabwa ndi khoma nthawi imodzi nkulowetsa, ndimawakonda chifukwa mabowo saphonyana.

Buloko yamphako imafuna pulagi ija imapindika nkupanga mfundo kuseri mukamamanga sikuluwu, papaketi amalemba universal. Njerwa yofumbutuka ndiye zimitsani hammer ya dirilo, kugogoda kwake kuja, boolani pang'onopang'ono, ndipo ikakana kugwira gwiritsani chemical anchor, guluu wolimba uja mumapopera m'bowo nkulowetsamo chitsulo chamazinga, nkudikira aume monga alembera. Iyeyu sakankha njerwa m'mbali ndiye saiswa. Mabawuti achitsulo otukumuka m'bowo mukamamanga aja ndi amene amaswa njerwa, makamaka pafupi ndi ngodya, ndipo mumpata muno ngodya zili paliponse, asiyeni ndi a konkire amenewo.

Poboola lunjikani pakati pa njerwa, osati pamzere wa simenti wolumikiza njerwa, ndipo talikirani kumphepete kwa khoma mamilimita 50 kapena kuposa. Mangani katepi pa biti kuti mudziwe polekeza, bowo litalike pang'ono kuposa pulagi, kenako chotsani fumbi lonse m'katimo, fumbi lotsalira ndi limene limapangitsa pulagi kumangozungulira. Ikazungulirabe musatsekeremo timitengo ta machesi chonde, kwezani saizi kapena boolani pena. Chenjeraninso ndi mawaya amagetsi, kawirikawiri amayenda molunjika m'mwamba, pansi kapena chopingasa kuchoka pa soketi ndi siwitchi, mapaipi amadzi nawonso amabisala, ndipo ngati khoma lam'mbali ndi la chimuni musaboole mozama mpaka kufika panjira ya utsi.

Yambani ndi kathabwa kakumbuyo, sikuluwu imodzi pakati, ikani levulo muwongole kenako mangani zinazo motalikirana masentimita 40 kapena kuchepera, tam'mbali masikuluwu awiri kalikonse. Shelefu iliyonse muiyeze payokha kutsogolo ndi kumbuyo chifukwa makoma a mumpata sawongoka kwenikweni, kusiyana kwa sentimita yathunthu nkotheka. Mpata ukapitirira masentimita 80 ndipo thabwa lanu ndi la 18 mm, khomani kathabwa kena kunsi kwa mlomo wakutsogolo, apo ayi pakati padzapindika ngakhale masikuluwu onse atagwira nganganga.