Momwe mungakonzere ulendo wokaona makompyuta akale ku Bletchley

Ngati ndinu mmodzi mwa anthu a kuno ku Zomba amene amapeza mwayi wopita ku England, kaya kukapitiriza maphunziro, kaya ku msonkhano wa kuntchito, kaya kukachezera abale, patulani tsiku limodzi loti mukaone The National Museum of Computing, nyumba yosungiramo makompyuta akale yomwe ili ku Bletchley Park, m'dera la Milton Keynes. Chimene chimasiyanitsa malowa ndi ena ambiri n'chakuti makina ochuluka sanangoikidwa m'magalasi kuti anthu aziwasuzumira, koma amayatsidwa n'kumagwira ntchito alendo akuona, ndipo ulendo wonse muukonze pofuna kukawapeza ali moyaka.

Choyamba ndi mapepala

Mwini pasipoti ya Malawi amafunika viza kuti alowe m'dziko la United Kingdom. Fomu yake imalembedwa pa intaneti, kenako mumakaonekera nokha kuti akakujambuleni ndi kudinda zala, ndipo pempholo mungalipereke kutatsala miyezi 3 kuti munyamuke. Ndege yochokera ku Chileka kapena ku Kamuzu International Airport yolunjika ku London kulibe, choncho mudzasinthira ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Sindikunena kuti munthu awononge ndalama zonsezo chifukwa cha makompyuta okha. Ulendowu ndi wophatikiza pa wina umene mwaukonza kale.

Chachiwiri, sankhani tsiku ndi tikiti yoyenera

Apa ndi pamene alendo ambiri amasokonezeka. Pa malo a Bletchley Park pali mabungwe awiri osiyana, ndipo lililonse lili ndi khomo lake ndi tikiti yake. Lina limayang'anira nyumba yaikulu ndi tinyumba timene akatswiri omasulira mauthenga achinsinsi ankagwiriramo ntchito pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene makompyuta ali m'nyumba yotchedwa Block H, yomwe inatsegulidwa ngati myuziyamu mu 2007. Tikiti ya kumodzi sikulowetsani kwinako. Musananyamuke, onani pa tsamba lawo la intaneti masiku amene atsegula ndi nthawi zimene alendo amayendetsedwa ndi wowafotokozera, chifukwa zimenezi zimasintha, ndipo kufika tsiku limene makina akukonzedwa ndi kuluza theka la ulendo.

Kuchokera ku London, kwerani sitima pa siteshoni ya Euston n'kutsikira pa Bletchley. Ulendowu sukwana ola limodzi, ndipo kuchoka pa siteshoni mpaka pa chipata ndi mtunda woyenda wapansi.

Chachitatu, pitani mukudziwa kusiyana kwa makina awiri

Nkhondo imene asilikali a King's African Rifles ochokera kwathu kuno anakamenya ku Ethiopia ndi ku Burma ndi yomweyo imene inabala makina awiri otchuka a pamalowa. Oyamba ndi Bombe, omwe anakonzedwa ndi Alan Turing n'kuwongoleredwa ndi Gordon Welchman pofuna kupeza m'mene asilikali a dziko la Germany atcherera makina awo obisira mauthenga otchedwa Enigma tsiku limenelo. Achiwiri ndi Colossus, ndipo amene anawapanga si Turing monga ambiri amaganizira, koma Tommy Flowers, injiniya wa ku positi amene anazolowera ntchito ya matelefoni. Colossus inayamba kugwira ntchito kumayambiriro kwa 1944, ndipo inkalimbana ndi makina ena otchedwa Lorenz, omwe ankabisa mauthenga a akuluakulu a asilikali a Germany. Mukasiyanitsa ziwirizi musanalowe, zonse zimene wofotokozayo anene mudzazitsatira bwinobwino.

Chachinayi, yambani ndi makina a nkhondo mutu usanatope

Bombe imene mukaone ndi yomangidwanso, ndipo ikayatsidwa timagudumu take ta zilembo timazungulira ndi phokoso longa la makina osokera ambirimbiri pa khonde la matelala. Mukachoka apo pitani pa Colossus, ndipo musafulumire. Pofika kumapeto kwa nkhondo makina a mtunduwu analipo 10, koma ambiri anaphwasulidwa ndipo nkhani yake inasungidwa mwachinsinsi mpaka m'zaka za m'ma 1970, moti gulu limene linkatsogoleredwa ndi Tony Sale linawamanganso podalira zithunzi zochepa, zidutswa za mapulani ndi zimene okalamba ankakumbukira. Imani chapafupi muone lamba wa pepala wobooledwa timabowo akuthamanga pa magudumu, makinawo akuwerenga zilembo 5,000 pa sekondi imodzi. Muone mizere ya machubu agalasi pafupifupi 2,400, ofanana ndi amene ankapezeka m'mawailesi akale, ndipo kutentha kwake mudzakumva pankhope. Funsani chifukwa chimene sankawazimitsira. Yankho lake ndilo linapambanitsa Flowers pamene anzake ankamukayikira: machubu otere amapsa kwambiri poyatsa ndi pozimitsa, koma akangosiyidwa oyaka amakhalitsa. Funsaninso za amayi a gulu la asilikali a panyanja amene ankayendetsa makinawa usana ndi usiku.

Chachisanu, khalani pansi pamaso pa WITCH

Kwa ine, makina ophunzitsa kuposa onse m'nyumbayi ndi Harwell Dekatron, omwe amadziwikanso kuti WITCH. Anayamba kugwira ntchito mu 1951 pa malo ofufuzira za mphamvu ya atomu ku Harwell, kenako anapita ku koleji ya ku Wolverhampton kukaphunzitsira ana asukulu, ndipo atakonzedwanso anayatsidwa mu 2012. Lero ndiwo kompyuta ya manambala yakale kuposa zonse imene ikugwirabe ntchito ndi zipangizo zake zoyambirira. Imalemera matani awiri ndi theka, koma kuchulukitsa manambala awiri kumaitengera masekondi angapo. Ubwino wake uli pa kuchedwako. Imawerenga kuyambira 0 mpaka 9 monga timachitira ife, ndipo m'chubu chilichonse muli kadontho kowala kamene kamasuntha mozungulira kusonyeza nambala imene yasungidwa, kotero kuti samu mumaiona ndi maso ikuyenda kuchoka pamalo ena kupita pena. Mphunzitsi wa makompyuta amene amavutika kufotokozera ana a Fomu 3 kuti memory, malo amene kompyuta imasungamo zimene ikugwirirapo ntchito, n'chiyani ajambule kanema wa mphindi imodzi pamenepa, atapempha kaye chilolezo.

Chachisanu ndi chimodzi, gwirani makina ndi manja anu

Zipinda zotsalazo mukhoza kudutsamo mwachangu, ngakhale kuti makabati akuluakulu osungira uthenga amene lero amaposedwa ndi kamemore khadi ka mufoni amadabwitsa ndithu. Koma mukafika pa BBC Micro, kompyuta ya mu 1981 imene inadzaza sukulu za ku Britain, khalani pa mpando mulembe mizere iwiri ya chilankhulo cha makompyuta chotchedwa BASIC yoti dzina lanu lizibwerezedwa pa sikirini. Kampani ya Acorn imene inapanga makinawa ndiyo inayambitsa ARM, mtundu wa purosesa (kachipangizo kamene kali ngati ubongo wa kompyuta) umene uli m'mafoni ambiri amene tikugwiritsa ntchito, kuphatikizapo amene amagulitsidwa mu msika wa Zomba. Anthu ambiri ofotokoza m'zipindazi ndi ongodzipereka, ndipo ena anagwirapo ntchito ndi makina omwewo pa unyamata wawo, choncho lembani mafunso anu pasadakhale ndipo musachite manyazi kupempha kuti abwereze ngati Chingelezi chawo chathamanga.

Kwa amene ulendowu sungatheke

Myuziyamuyi ili ndi makanema pa YouTube osonyeza Colossus ndi WITCH zikugwira ntchito. Computer History Museum ya ku Mountain View, ku California, nayo inaika pa intaneti zithunzi za katundu wake ndi macheza aatali ndi anthu amene anapanga makompyuta oyambirira. Mphunzitsi wa ku Domasi, ku Malosa kapena ku Thondwe akhoza kukopera makanemawa pa flash akafika pamene netiweki ili bwino, n'kukawaonetsa m'kalasi pa laputopu imodzi popanda kuwononganso bandulo. Amene ali ku London koma tsiku lathunthu alibe, apite ku Science Museum ku South Kensington, komwe kulowa n'kwaulere, akaone Difference Engine No. 2, makina owerengera amene Charles Babbage anawajambula m'zaka za m'ma 1840 ndipo anadzamangidwa mu 1991 motsatira mapulani ake.