Momwe mungamatire ndi kuzira nyumba ya zidina kuti iwale

Kuno ku Thyolo katondo ndi wosasowa, koma ambiri tayamba kuchita manyazi ndi nyumba yadothi. Ine zimandipweteka. Ku Mali kuli mzikiti wa m'tauni ya Djenné, womangidwa ndi dothi mu 1907, ndipo chaka ndi chaka anthu a m'tauniyo amatuluka onse kukaumata. Nanenso khitchini ya amayi ndimaimata chilimwe chilichonse.

Yambani mu Ogasiti kapena Seputembala, chiperoni chitatha. Palani khoma, tsekani mauna a chiswe, kenako liwazeni madzi kuti dothi latsopano ligwire.

Nkhani yagona pa kasakanizidwe. Chaka choyamba ndinamata ndi dothi la pachulu lokhalokha poti limamata bwino m'manja. Ndinalipaka lochindikala, masana dzuwa lili paliwombo. Kutacha, khoma lonse linali ming'alu yokhayokha ngati dambo louma, ndipo ndikangogogoda pang'ono zibuma zinkayoyoka. Agogo ataona anati dothilo lachuluka mphamvu, likufuna mchenga. Tsono ine ndimathira ndowa imodzi ya dothi, ziwiri za mchenga wa kumtsinje, ndi udzu wouma woduladula. Pondani ndi mapazi, vundikirani, ligone usiku umodzi. Musanamate khoma lonse, yesani kaye kachigamba kuseri kwa nyumba. Kakang'aluka, onjezani mchenga. Matani mopyapyala, kawiri, m'mawa kapena madzulo.

Pa mchengapo chenjerani ndi anyamata ena a ngolo. Pamwamba amaika woyera, pansi dothi la m'munda, mtengo n'kukhala womwewo. Pisani dzanja mpaka pansi musanalipire. Ngati mtsinje uli pafupi, ingobwerekani wilibala.

Pansi pa nyumba pamafuna mtsiro wakuda wa kudambo. Zirani kuyambira mkati mukubwerera chakukhomo, ndipo ukayamba kuuma kulungizani ndi nkhulungo, osatopa nazo. Dzuwa la m'mawa likalowa pakhomo pansipo pamanyezimira ngati mphika wongowotcha kumene, ndipo mu Okutobala mkatimo mumakhala mozizirira, a m'nyumba zamalata akutuluka thukuta.

Zokongoletsa pakhoma ndi chikule, phulusa ndi makala opera, kujambula ndi kansanza kapena zala. Mzere wakuda ukhale m'munsi pomwe pamada msanga. Khonde likwezeni, denga lituluke kunja ndithu mvula yoyamba isanagwe.