Mtsikana akafuna kuyamba tamponi

Amayi ndi azakhali, mwana wanu akafuna kusiya mapadi n'kuyesa tamponi (thonje lolowetsa kumaliseche kuti liziyamwa magazi a msambo), mugulireni yaing'ono, yolembedwa kuti mini kapena light. Ayese tsiku limene magazi akutuluka ambiri, chifukwa pouma imavuta kulowa. Asambe m'manja, mtima ukhale m'malo, ailowetse moloza kumsana, kachingwe katsale kunja. Akamaimva poyenda kapena pokhala pansi ndiye kuti sinalowe bwino, aichotse atenge ina.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi nthawi. Azisintha pakatha maola 4 mpaka 8, osapitirira, ndipo pogona padi ndi yabwinoko. Akangotentha thupi mwadzidzidzi, kusanza, kumva chizungulire kapena kutuluka zidzolo, aichotse pompo. Thamangirani naye kuchipatala, mukawauze adokotala kuti anavala tamponi.