SUV imakweza phiri, koma pa chipale siimitsa munthu

Chisanu chino ndaona vuto limodzi likubwerezedwa ndi abale athu okhala ku Britain amene amapita ku mapiri a Alps kukasewera ski (masewera otsetsereka pa chipale chofewa) mwezi wa February ana akatsekera sukulu. Munthu amaoloka pa Folkestone kupita ku Calais, ku France, ndi SUV yake (galimoto yaikulu yokwera m'mwamba), matayala ali omwewo a nyengo yotentha, ndipo mukamufunsa amayankha molimba mtima kuti galimoto yake ndi 4x4. Ena amaonjezera kuti matayala a chisanu amadya mafuta. Maganizo awiriwa ndi amene akugwetsera anthu m'ngalande.

Galimoto ya 4x4 imakoka ndi matayala onse anayi. Zimenezi zimathandiza ponyamuka ndi pokwera basi. Mukaponda buleki, galimoto ina iliyonse imaima ndi matayala anayi, kaya ndi 4x4 kaya ayi, ndiye apa mwayi wanu watha. Chotsala ndi kulemera, ndipo SUV yodzaza ana, zikwama ndi zida za ski ndi yolemera kwambiri. Kuzizira kukatsika pansi pa madigiri 7, mphira wa tayala la nyengo yotentha umayamba kuuma, sugwiranso msewu bwino. Tayala la chisanu limakhalabe lofewa, ndipo lili ndi timing'alu tambirimbiri m'mizere yake timene timaluma chipale.

Choipitsitsa n'chakuti 4x4 imanamiza. Kuchoka m'tauni ya Moûtiers ku France kukwera ku Val Thorens, malo osewerera ski amene ali mamita 2,300 pamwamba, galimoto imakwera bwinobwino osaterereka, dalaivala n'kumadziuza kuti msewu uli bwino. Choona chimaoneka Loweruka m'mawa potsika, pokhota poyamba, pamene chiwongolero chapotoka koma galimoto ikungopita kutsogolo.

Mlimi wina woweta ng'ombe za mkaka m'chigwa cha Tarentaise, komwe amapanga tchizi cha Beaufort, anandiuza kuti chisanu chikafika chingwe chokokera sichichoka pa thirakitala yake. Iye amayenda pa kagalimoto kakale ka Fiat Panda, matayala opyapyala koma a chisanu. Akuti tsiku lina anakoka galimoto yaikulu ya mlendo m'ngalande ya pafupi ndi khola lake, mwiniwake ali yakaliyakali kumuonetsa mabatani a pa dashibodi osinthira mayendedwe a pa chipale. Mlimiyo sanayankhe. Anangogwada, n'kupaka chala pa tayala lolimba ngati mwala, kenaka anapita kukakama ng'ombe zake.

Tsono za mafutazo. N'zoona kuti tayala la chisanu limadyako mafuta pang'ono chifukwa ndi lofewa. Koma anthu omwe akudandaula za kadontho kameneka ndi omwe amamanga bokosi lalikulu padenga, n'kuthamanga makilomita 130 pa ola pa msewu wa A26 kuchoka ku Calais mpaka ku Reims. Mphepo yolimbana ndi galimoto imakula kwambiri liwiro likamakwera, ndipo SUV ndi yaitali kale, bokosi likungoonjezera. Apo ndi pomwe dizilo wanu akupita. Enanso amaliza injini kwa nthawi yaitali m'mawa, ati itenthe, galimoto ili chiimire pabwalo la hotelo. Chizolowezi chimenechi ndi cha magalimoto akale, chisiyeni. Ndipo ndalama imene mwapulumutsa pa matayala siingalipire ngakhale galimoto yodzakukokani, osanena za bampala, nyale ndi masiku a tchuthi othera ku galaja.

Lamulo nalonso silikusekererani. Ku France, m'madera a m'mapiri monga Savoie ndi Haute-Savoie, kuyambira pa 1 November mpaka pa 31 March galimoto iyenera kukhala ndi matayala anayi a chisanu, apo ayi mukhale ndi matcheni kapena masokosi a matayala (nsalu zoveka pa tayala kuti lisaterereke) m'buti. Kuyambira mu November 2024, zilembo za M+S (Mud and Snow, kutanthauza matope ndi chipale) zolembedwa pa tayala pazokha sizikwanira. Pambali pa tayala payenera kuoneka chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu lokhala ndi kadontho ka chipale mkati. Ku Germany nawonso anasiya kuvomereza M+S yokha mu October 2024. Ku Austria nyengo yake ndi 1 November mpaka 15 April, ndipo kuya kwa mizere ya tayala kusachepere mamilimita 4, pomwe ku Britain mumaloledwa kuyenda mpaka 1.6.

Zochita ndi zodziwika kale. Gulani matayala anayi, osati awiri. Ngati ulendo wa kumapiri ndi umodzi pachaka, a nyengo zonse okhala ndi chizindikiro cha phiri chija angakwanire. Onani chikalata chomata pa tayala latsopano, chili ndi zilembo zosonyeza kadyedwe ka mafuta. Yezani mpweya matayala asanatenthe, chifukwa kukazizira mpweya umatsika, ndipo tayala lofota limadya mafuta. Matcheni yeserani kumanga muli kunyumba, ndipo onani m'buku la galimoto kuti amamangidwa kutsogolo kapena kumbuyo. Dizilo mukathire pafupi ndi mapiri, wa kumeneko amapirira kuzizira. Potsika gwiritsani giya yotsika. Mukafika kunyumba tsitsani bokosi padenga tsiku lomwelo.