Mutu wa kasitomala si munda, musamangolima: mmene mungagwirire saluni kuti anthu azibweranso

Atsikana ambiri akatsegula saluni amathamangira kugula magalasi akuluakulu, kupenta khoma la pinki ndi kumata zithunzi za masitayelo zomwe iwo eni sanayesepo n'kamodzi komwe. Zimenezo n'zabwino, sindikukana. Koma ine pa zaka zomwe ndakhala ndikugwira mitu ya anthu ndaona kuti kasitomala sabwereranso chifukwa cha penti, amabwerera chifukwa usiku wa tsiku lomwe munamuluka anagona tulo bwinobwino osamwa panado. Nde tiyeni tikambirane, makamaka inu amene mwangoyamba kumene.

Tiyambire komwe tachokera, chifukwa mukadziwa zakale simudabwa ndi zatsopano. Ife tikukula tsitsi limalukidwa pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mango Loweruka masana, iwe utakhala pansi pa mkeka, mutu uli pakati pa mawondo a azakhali ako, iwo ali pampando ndi chipeso ndi botolo la Vaseline pambali. Ambiri timamangidwa ndi ulusi wakuda uja, tsitsi kuligawa timabwalo kenako kulikulunga mpaka liyime ngati timitengo, ena amatipinda n'kutilumikiza pamwamba. Anzathu a ku Zambia amati vikuti. Timaliona ngati lachimidzi, koma mukamasula pakatha sabata tsitsi limakhala lawongoka, lofewa, popanda moto kapena mankhwala. Lero atsikana omwe akusunga tsitsi lachilengedwe abwereranso ku ulusi womwewo kuti aliwongole, ena akuphunzirira pa YouTube zinthu zomwe agogo awo ali nazo m'manja kkkk. Inu a saluni phunzirani kumanga ulusi, musachite nawo manyazi, alipo okufunsani.

Kenako kunali kuwotcha. Chipeso chachitsulo kuchiika pa mbaula, mafuta kumutu, nde uzimva kuti tsiii pafupi ndi khutu, fungo lake mpaka kwa aneba. Amayi ambiri a msinkhu wa mayi anga ali ndi kachipsera pakhutu kapena pankhongo kochokera pamenepo. Vuto lake mvula ikangokupeza panjira yopita ku tchalitchi basi ntchito yonse yapita. Ndi chifukwa chake mankhwala owongola tsitsi atafika anthu anawalandira ndi manja awiri, Dark and Lovely, Sofn'free, Revlon, komanso Black Like Me ya ku South Africa ija yomwe Herman Mashaba anayambitsa ndi anzake mu 1985, yemwe uja anadzakhala meya wa Johannesburg. Ndi nthawi yomweyonso ya pemu ndi Jheri curl, tsitsi lonyowa tsiku lonse, kolala ya malaya ndi mapilo zonse mafuta okhaokha, mumakhoza kudziwa pomwe munthu anatsamira mu basi.

Azibambo nkhani yawo inali ina. Nthawi ya Kamuzu, pomwe lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa amayi mathalauza ndi masiketi aafupi, mwamuna sankaloledwanso kusunga tsitsi lalitali, ngakhale alendo ochokera kunja ankametedwa akatsika ndege. Zinasintha mu 1993. Koma maganizo a anthu sasintha tsiku limodzi ndi lamulo, madiredi anakhalabe nkhani mpaka mu Meyi 2023 pomwe khothi lalikulu ku Zomba, kudzera mwa Justice Zione Ntaba, linagamula kuti ana achi Rasta aziloledwa m'sukulu zaboma ndi madiredi awo. Ndikunena izi chifukwa lero munthu wa madiredi akalowa mu saluni mwanu kuti mumupotere, ndi kasitomala ngati wina aliyense, ndipotu ndi wokhulupirika kuposa ambiri chifukwa amabwera mwezi ndi mwezi. Musamuyang'ane ngati walakwitsa khomo.

Panopa nde zachuluka, meshi ya mitundumitundu, knotless, crochet, madiredi ogula, mawigi a lace omata ndi guluu, Brazilian, Peruvian, ena akumeta kumene n'kupaka dayi wagolide. Sitayelo imatuluka pa TikTok Lolemba, Lachisanu mtsikana wafika nayo pafoni akuti asisi ndikufuna iyi. Apa nde pamene ntchito yanu ikuyambira.

Munthu akalowa, mulonjereni, ngakhale manja anu ali m'mutu mwa wina. Zikumveka ngati zachibwana koma lowani masaluni asanu muone angati angakupatseni moni, ambiri amangokuyang'ana kudzera pagalasi kuyambira kumapazi mpaka kumutu ngati wabwera kudzapempha mchere. Takulandirani amayi, khalani apo, nditsala ndi mphindi makumi atatu pa mutu uwu. Ndipo mphindi zimenezo zikhale zoona. Ngati mwatsala ndi maola awiri nenani maola awiri, munthu apite kumsika akabwerenso, kusiyana n'kumusunga ndi bodza la ndatsala pang'ono. Chomwe chimandinyansa kwambiri ndi chija choyamba mizere itatu pamutu pa munthu kuti asathawe, kenako n'kumusiya theka n'kubwerera kwa woyamba uja. Amakhala inde, poti angapite kuti ndi mutu wotero, koma ulendo wina simudzamuonanso.

Akakuonetsani chithunzi musathamangire kunena kuti ndimatha. Muvuleni duku kapena wigi, mugwireni tsitsi, yang'anani khungu la m'mutu pa kuwala. Pali zilonda? Mfundu? Zipere? Kutsogolo kuno pachipumi tsitsi lilipo kapena linayamba kale kuthawa? Funsani kuti anaika liti mankhwala komaliza, anapakapo dayi, meshi ina imamuyabwa kapena ayi, ndipo amagwira ntchito yanji, chifukwa nesi kapena mayi wophika mandasi pamoto simungamuluke zofika m'chiuno popanda kumufunsa kawiri. Mukatero muuzeni zoona. Asisi, sitayelo iyi ndi yabwino koma tsitsi lanu lakutsogolo ndi lofooka, meshi yolemera chonchi ilizula, bwanji tipange yocheperako. Ena amakwiya, ena amapita kwa aneba anu omwe angowaluka osafunsa. Asiyeni apite. Amabwera pakatha miyezi itatu chipumi chitafika pakati pa mutu, akufunsa mafuta omeretsa tsitsi.

Nkhani ya kukoka iyi ndikhalepo pang'ono chifukwa ndi pomwe timalakwitsa tonse. Pali chikhulupiriro choti kuluka kothina nde kokhalitsa, mpaka kasitomala mwini amati kokani asisi ndalama yanga isapite pachabe. Koma mukaona khungu latukuka, timatuza toyera tatuluka m'mphepete mwa mzere, munthu akulephera kutsinzina kapena kuseka, dziwani kuti mukuzula mizu. Madokotala amati traction alopecia, dazi lobwera chifukwa chokoka. Poyamba tsitsi limamera ndithu mukalipumitsa, koma mukabwereza zaka ndi zaka pamalo pomwepo mizu imafa ndipo palibe mafuta a nsatsi kapena a mtengo wanji omwe angaibweze. Titsitsi ting'onoting'ono ta m'mphepete tija tisiyeni, musatitole ndi chala ngati mukutola nsabwe. Knotless inatchuka pa chifukwa chomwechi, mumayamba ndi tsitsi la munthu kenako n'kumawonjezera meshi pang'onopang'ono, nde patsinde sipakhala mfundo yolemera. Imatenga nthawi, itchajeni moyenera, koma ndi yachifundo pamutu. Ndipo muwauze makasitomala kuti meshi si nyumba, masabata 6 mpaka 8 amasule, achape, tsitsi lipume.

Kwa ana nde chonde. Mwana wa zaka zinayi akulira mpaka kusasa mawu, mayi ake akumukalipira kuti khala bwino, inu mukukokabe. Ine ndimawauza amayi ake poyera kuti mami, uyu timuluke malaini akuluakulu asanu ndi atatu basi ndi timikanda kumapeto, zina zija adzaluka akakula.

Mankhwala owongola tsitsi si mafuta odzola. Ambiri mwa iwo muli sodium hydroxide, kositiki yemwe uja amapangira sopo, ndipo olembedwa kuti no lye, kutanthauza opanda kositiki ameneyu, nawonso amawotcha, angosintha mtundu wa mankhwala. Valani magulovu. Pakani Vaseline m'mphepete monse, m'makutu ndi pankhongo. Musaike pamutu pomwe pali chilonda, kapena munthu atangomasula meshi dzulo n'kukanda usiku wonse, muuzeni adikire sabata. Pa retouch, pomwe mukuikanso tsitsi latsopano litamera, mankhwala amapita pa tsitsi lomera kumene lokha, osati kupaka mpaka kunsonga, ndipo papite masabata osachepera 8. Nthawi yolembedwa pa botolo itsatireni ndi wotchi, zija zomati akamva kuwotcha nde kuti akugwira ntchito ndi bodza lomwe lapsereza mitu yambiri. Madzi otsukira akhale okonzeka musanatsegule botolo. Ine izi ndinaphunzira mowawa, tsiku lina ndapaka bwinobwino mayi wina wa kwaya, ndipite pa mpopi, madzi asiya, mu ndowa muli kapu imodzi yokha. Ndinathamanga opanda nsapato kukapempha kwa mayi wogulitsa tomato kuseri, pobwera mayi uja misozi ili mbwembwembwe, pankhongo patapsa. Ndinawapepesa, sindinalandire ndalama, ndipo ndinawasamalira chilondacho mpaka chinapola. Kuyambira pamenepo mu saluni mwanga mumakhala mgolo wodzaza nthawi zonse. Dziwaninso kuti mu 2022 kafukufuku wamkulu wa ku America, wa amayi opitirira 33,000, anapeza kuti omwe amagwiritsa ntchito mankhwala owongola tsitsi pafupipafupi khansa ya m'kati mwa chiberekero (osati ya khomo la chiberekero) imawapeza kwambiri kuposa omwe sagwiritsa. Sikuti aliyense woika adwala ayi, koma kasitomala wofuna kuika mwezi uliwonse muli ndi chifukwa chomuletsera.

Mtengo nenani musanagwire chipeso. Zonse, kuchapa, kumasula, meshi mapaketi angati, ntchito ya manja. Palibe chochititsa manyazi ngati kukangana pamapeto munthu atanyamula kale chikwama, inu mukuti kuchapa kunali padera. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 katundu wa saluni sakhazikika mtengo, poti pafupifupi zonse n'zochokera kunja, nde mukakweza lembani papepala mumate pakhoma ndi kuika pa sitetasi ya WhatsApp, anthu asadzidzimukire pampando. Wobwera ndi meshi yake muwerengereni pamaso pake, yotsala mubwezereni, musaibise mu kabati. Pa ma ukwati ndi ma bridal shower tengani dipoziti pa Airtel Money kapena Mpamba, apo ayi mudzadzuka 4 koloko m'mawa kudikira anthu omwe anasintha maganizo osakuuzani. Ngongole? Aliyense amadziwa makasitomala ake, koma ine ndinaona kuti wa ngongole akapeza ndalama amakalukitsa kwina chifukwa akuchita nanu manyazi.

Ukhondo sufuna ndalama zambiri. Zipeso muzitsuka ndi sopo ndi Jik, thaulo limodzi munthu mmodzi, osati lonyowa lija lomwe lapukuta mitu isanu kuyambira m'mawa mpaka likununkha chinyezi. Ngati mumametanso, makina muziwapukuta ndi sipiriti munthu akuona, lezala watsopano mutsegule pamaso pake. Zipere za ana zimayenda pa makina ndi zipeso zomwezi. Mukanyika nsonga za meshi m'madzi otentha ikani thaulo lokhuthala pamapewa ndipo foni muyiike pansi kaye. Magetsi akazima khalani ndi pulani, mbaula ya madzi, nyale yotchaja, ndipo ngati tsikulo mukudziwa kuti azima musayambe sitayelo yofuna dulaya.

Nanga pakamwa. Saluni ndi malo a nkhani, n'zoona, ena amabwera kudzapepukidwa mtima kuposa kudzalukitsa. Mayi akakhala maola asanu m'manja mwanu adzakuuzani za banja lake, za apongozi, za ngongole ya ku banki mkhonde. Zithere pomwepo. Mukamuuza za mnzake yemwe wangotuluka, iye akuseka nanu koma mumtima akuwerenga kuti nane ndikatuluka ndikhala ndiwo. Werenganinso munthu, wina amafuna kucheza, wina akufuna angotseka maso apume ku phokoso la kunyumba, musamukakamize nkhani. Kudya chipisi ndi dzanja lomwe mukulukira, kuyankha foni mphindi khumi mutu wa munthu uli chopendekeka, kukalipira mtsikana wanu wantchito pamaso pa anthu, zonsezo kasitomala amaona ngakhale sanena. Komanso musajambule munthu n'kumuika pa Facebook osamupempha, ena anatsanzika kuntchito kuti akudwala.

Mukamaliza mupatseni galasi laling'ono aone kumbuyo, mufunseni ngati pali pomwe pakuthina, ndipo akati apa, masulani pomwepo osachita tsinya. Muuzeni zoti akachite kunyumba, agone atamanga kansalu koterera, azipaka mafuta pang'ono pakhungu osati kuthira ngati akukazinga, wigi ya guluu asaizule ndi mphamvu koma anyowetse kaye ndi mankhwala ake ochotsera. Mawa lake mutumizireni kauthenga, mwadzuka bwanji asisi, mutu sukupweteka? Akayankha kuti pankhongo pakukoka, muuzeni adutse madzulo mudzamumasulire mizere iwiri yakumbuyoyo n'kuilukanso, ulere.