Momwe gulu laling'ono lingajambulire chimbale chake choyamba, potengera njira ya The xx

Mu Ogasiti 2009, achinyamata anayi a ku London otchedwa The xx anatulutsa chimbale chawo choyamba, dzina lake xx. Romy Madley Croft, Oliver Sim, Jamie Smith ndi Baria Qureshi anali ndi zaka pafupifupi 20 basi, ndipo anadziwana ku sukulu ya Elliott ku Putney. Nyimbo zawo ndi za mtundu wa indie pop, zofatsa, zoimbidwa ngati anthu akunong'onezana. Patangotha chaka, chimbalecho chinapata mphoto ya Mercury Prize, yomwe imaperekedwa kwa chimbale chopambana ku Britain ndi Ireland. Njira yomwe anatsata si ya anthu a ndalama zambiri, n'chifukwa chake gulu lililonse lomwe lili ndi gitala, besi, laputopu ndi nyimbo khumi likhoza kutolapo kanthu.

Choyamba: malizani nyimbo musanalowe mu situdiyo

Magulu ambiri amalowa mu situdiyo ali ndi kolasi yokha, n'kumayembekeza kuti mavesi abwera ali pa maikolofoni. Pamenepo ndalama ikupita, chifukwa mwini situdiyo amawerengera nthawi. A The xx anafika ndi nyimbo zomwe anali ataziimba kale m'mashoo ang'onoang'ono, komanso atazijambula kunyumba ngati ma demo (zojambula zoyeserera). Romy ndi Oliver ankatumizirana mawu pa intaneti usiku, aliyense n'kulemba ndime zomwe adzaimbe yekha. Inunso jambulani nyimbo iliyonse pa foni, muimvere kwa masabata angapo. Yomwe yakutopetsani pofika sabata yachitatu, isiyeni. Chimbale cha xx chili ndi nyimbo 11, ndipo chonse sichikwana mphindi 40.

Chachiwiri: gwirizanani lamulo limodzi la kamvekedwe

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Gululi linadziikira lamulo lakuti chilichonse cholowa m'chimbale chikhale chomwe angathe kuchiimba pa siteji ndi manja awo. Sanachite izi pofuna kuoneka ozindikira ayi. Anali asanazolowere kwenikweni zida zawo, ndiye ankaimba zomwe akanakwanitsa. Koma zotsatira zake n'zomwe zinagwira mtima anthu: gitala ya Romy imalira chingwe chimodzichimodzi, besi ya Oliver imayenda pansi mosathamanga, ng'oma za Jamie zimachokera pa makina opangira mabiti otchedwa MPC omwe amawagogoda ndi zala, ndipo pakati pa zonsezi pamakhala mpata wachete.

Mpata umenewu ndi womwe oimba ambiri amauopa. Kompyuta imalola kuthira kiyibodi zitatu, malipenga abodza, makolasi asanu ndi zina zotero, ndipo pulodyusa akaona malo opanda kanthu dzanja limamuyabwa. Zili ngati ndiwo zamasamba zothira nsinjiro, tomato, mafuta ndi anyezi zonse pamodzi, mpaka osadziwa kuti ndi chisoso kapena bonongwe. Mukamaliza kujambula nyimbo, yesani kuzimitsa chida chimodzichimodzi. Ngati mwachotsa kiyibodi koma nyimbo sinasinthe mtima wake, kiyibodiyo inali mlendo, isabwerere.

Lamulo lanu likhoza kukhala lina. Mwina mukufuna ng'oma zenizeni zokhazokha, kapena mawu opanda Auto-Tune, pulogalamu ya pa kompyuta yowongola mawu a woimba. Chofunika n'chakuti mugwirizane musanayambe, chifukwa mkangano wa mu situdiyo umadula.

Chachitatu: sankhani pulodyusa womva gulu lanu, osati wotchuka chabe

Asanajambule chimbalechi, The xx anayeserapo kugwira ntchito ndi apulodyusa ena, kuphatikizapo Diplo, yemwe ndi dzina lalikulu. Sizinawakomere, poti nyimbo zinkatuluka zikumveka ngati za pulodyusayo osati zawo. Mapeto ake ntchitoyo anaipereka kwa mnzawo wa m'gulu momwemo, Jamie Smith, yemwe lero amadziwika kuti Jamie xx. Mbali ya mawaya, maikolofoni ndi makina inagwiridwa ndi injiniya Rodaidh McDonald.

Ntchito ziwirizi zisiyanitseni. Wina amaweruza kuti nyimbo imveke bwanji, wina amaonetsetsa kuti mawu alowa bwino m'makina. Munthu mmodzi akhoza kuchita zonse, koma mufunseni kaye nyimbo zitatu zomwe anapangira oimba osiyanasiyana. Zikamveka zofanana zonse, dziwani kuti yanunso idzakhala yachinayi.

Chachinayi: malo ndi nthawi yojambulira

Chimbale cha xx chinajambulidwa kuyambira Disembala 2008 mpaka Febuluwale 2009 mu situdiyo yaing'ono ya kampani ya XL Recordings ku London, chipinda chomwe kale chinali galaja. Nthawi zambiri ankajambula usiku, ogwira ntchito mu ofesi ataweruka. Usiku phokoso la kunja limachepa, ndiponso woimba wamanyazi amamasuka pakakhala palibe omuyang'ana. Kunong'ona kwa Romy ndi Oliver kunayambira kuzipinda zawo kunyumba, komwe ankaimba motsitsa kuti asadzutse abale, ndipo mu situdiyo sanawauze kuti akweze.

Ngati mukujambulira kunyumba, pewani chipinda chopanda kanthu cha makoma a simenti, chifukwa mawu amabwerera. Ombani m'manja kamodzi: mukamva kulira kotsalira, pachikani mabulangete, imikani matilesi pakona, yalani mphasa kapena kapeti. Woimba aime motalikira maikolofoni pafupifupi chikhatho chimodzi, ndipo pakati pakhale kansalu kotchinga mpweya wa "p" ndi "b". Zimitsani fani ndi filiji. Ndipo popeza magetsi sapangana nawo, sungani ntchito yanu malo awiri tsiku lililonse, pa laputopu ndi pa flash.

Musamafufute kaphokoso kalikonse. Mpweya wa woimba asanayambe mzere, kapena kulira kwa chala chikutsetsereka pa chingwe, ndi zomwe zimapangitsa womvera kumva ngati ali nanu m'chipindamo.

Chachisanu: kumiksa ndi mastering

Mukamiksa, kutanthauza kulinganiza mawu ndi zida kuti zimveke bwino pamodzi, mverani pa zinthu zomwe anthu amamvera: foni, mahedifoni otchipa, wailesi ya m'galimoto. Besi yomveka bwino pa masipika a situdiyo imatha kusowa pa foni. Mastering, yomwe ndi ntchito yomaliza yosalaza kamvekedwe ka chimbale chonse, ipatseni munthu wina yemwe makutu ake sanatope nazo nyimbozo.

Chachisanu n'chimodzi: lembani za umwini

Baria Qureshi anachoka m'gululi kumapeto kwa 2009, chimbale chitangotuluka miyezi yochepa. Magulu amapatukana, ngakhale a anthu okulira limodzi. Lembani papepala kuti ndani analemba mawu, ndani anapeka nyimbo, ndipo ndalama zidzagawidwa bwanji, onse asayine. Kuno kwathu kalembetseni nyimbozo ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, zisanayambe kumveka pa wailesi. Phindu lake limaoneka mochedwa: nyimbo yoyamba m'chimbale cha xx, "Intro", yopanda ngakhale mavesi, inadzagwiritsidwa ntchito kwambiri pa kanema, ndipo Rihanna anatengako mbali yake mu 2011.

Chomaliza: olemba ndemanga

The xx anatulutsa kaye nyimbo ya "Crystalised" mu Epulo 2009, miyezi ingapo chimbale chisanafike, choncho atolankhani anali atamva kale dzina. Chitatuluka pansi pa kampani ya nyimbo ya Young Turks, olemba za nyimbo anachiyamikira kwambiri. Webusayiti ya nyimbo ya Pitchfork inachipatsa 8.7 pa 10, ndipo nyuzipepala ya The Guardian inati ndicho chimbale chopambana cha 2009. Chomwe ankatchula mobwerezabwereza ndi kuchepa kwa zida komanso mawu a anthu awiri oyankhana mofatsa, zija zomwe pulodyusa wina akanazikwirira. Koma malonda sanathamange. Chimbalecho chinakwera pang'onopang'ono, gululi likuyenda m'mashoo osalekeza, ndipo chinafika pa nambala 3 ku Britain atapata Mercury mu Seputembala 2010, chaka chathunthu chitadutsa.

Inu tumizani chimbale kwa atolankhani ndi owulutsa mawu milungu itatu kapena inayi chisanatuluke. Muikepo chithunzi chooneka bwino, mayina a onse omwe anagwira ntchito, ndi ndime imodzi yofotokoza komwe ndi momwe munajambulira, poti mtolankhani amafuna poyambira nkhani. Osangoponya linki pa WhatsApp n'kulemba kuti "bwana tamverani". Tchulani nyimbo ziwiri zoti ayambire. Wina akalemba zosakukomerani, musamuyankhe pa Facebook tsiku lomwelo. Werengani, muone ngati anthu awiri kapena atatu osadziwana akudandaula chinthu chimodzi, monga mawu omira pansi pa ng'oma. Chimenecho chilembeni m'kope, mudzachione mukamakonza chimbale chachiwiri.